Manja M'khwapa

Zaka makumi awiri zathunthu Nenita Pagdilao anakhala akunyamula nkhalamba za eni ake m'nyumba yosungira okalamba ku Waipahu. Kuzisambitsa, kuzipukuta, kuzitembenuza, kuzikhazika pachimbudzi, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene inam'pulumuka n'kugwa. Ndiye lero, imvi zitayamba kale, azikauzidwa kagwiridwe ka munthu ndi tiana tosapola pamchombo? Asa!

Komatu kukolejiko anapita yekha, palibe anam'koka. Mwamuna wake Doning anagwidwa ndi sitiroko akutchetcha kapinga pahotela imene ankagwirapo ntchito, mbali yonse yakumanzere n'kufa. A mafizo kuchipatala anamuseweretsa masabata owerengeka, kenako n'kum'bweza kunyumba ndi mpando wa matayala komanso kapepala ka zithunzi. Nenita anakayang'ana kapepalako n'kutsonya. Anthu ake omwewa, ongoima pambali n'kumati “yesaninso, bambo,” basi ntchito yatha, kumwezi alandire? Ngati ndi choncho aphunzira yekha. Atenga satifiketi ya wothandizira dokotala wa mafizo, asiye zopukuta anthu, ndipo Doning amuyendetsa ndi manja ake omwewa.

“Undipatse zaka ziwiri zokha,” ankamuuza m'mawa uliwonse pom'zula pabedi, manja atam'pisa m'khwapa. Kamodzin'kamodzi, hii, munthu ali kale pampando. “Ndikangomaliza sukuluyi uyenda, ufune usafune.”

“Chabwino, Neng,” ankatero Doning.

Ankamusiya kutsogolo kwa wailesi yakanema, mpunga ndi ndiwo za chammwamba pakatebulo, madzi apo, botolo lokodzeramo apo. Nsomba zouma zamchere, zimene Doning ankazifera, ankazibisa pamwamba pa firiji chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Zinkachepa zokha nsombazo, moti mphaka wa aneba anatukwanidwa miyezi ingapo, iye ndi makolo ake omwe.

Sukulu yake inali yoseketsa, abale. Munthu wabwera kudzaphunzira kuimitsa odwala, iwo akuti ayambe kaye wakhoza saikoloje, phunziro la maganizo a anthu, ngati kuti mwendo wakufa umadzuka ndi nkhani. Buku lake lolemera ngati njerwa. Utsegule, muli chiyani? Makoswe osochera m'tinjira, makanda olira amayi awo akatuluka m'chipinda, ndi agalu. Agaluwo ndiye anam'nyansa zenizeni. Akuti akatswiri ena anamangirira agalu n'kumawagwiritsa shoko ya magetsi popanda kothawira, ndipo tsiku limene anawatsegulira njira, agaluwo anangogona pansi n'kumalira, osayesa n'komwe kudumpha. Anali ataphunzira kuti kuyesa kulibe phindu. Masamba makumi atatu pa nkhani imeneyi! Amuna aakuluakulu ndi ndevu zawo, kuzunza agalu kuti apeze chimene mayi aliyense wogulitsa nsomba ku Kalihi akanawauza ulere. Pamayeso Nenita analemba zomwezo osapsatira, ndipo anam'patsa malikisi ongokwanira kudutsira. Sanadandaule, chifukwa phunzirolo kwa iye linali mpanda wongodumpha basi.

Amene ankalifera bukulo anali Kehau Nakoa, mnzake woyeserera naye m'kalasi, kamtsikana ka ku Waimanalo ka duwa kukhutu. Buku lake kanalipaka inki ya mitundu yonse mpaka masamba kufufuma. Chibadwire sikanapukutepo munthu, ngakhale khanda, koma pakamwa! Ukangoyasamula, Kehau ali nalo kale dzina la kuyasamula kwakoko ndi tsamba limene analembapo.

“Anti, mukudziwa kuti agalu aja ndi nkhani ya odwala athu?” kanatero tsiku lina akudya mpunga wawo pansi pa mtengo kunja kwa kalasi. “Mukamam'chitira munthu chilichonse, amaphunzira kuti iye sangathe. Ndipo wom'phunzitsayo mumakhala inu.”

“Iwe, wanyamulapo anthu angati?”

“Sindinanyamulepo, Anti, koma bukuli likuti...”

“Basi tseka pakamwa, ntchentche zingalowe. Tsiku limene nkhalamba idzakusanzire pamapazipo udzabwere, tidzakambe za agalu.”

Kehau anangoseka. Chimenechonso chinkamuwawa Nenita: kamwanako sikankakwiya.

Mphunzitsi wa zoyeserera anali Mayi Tamashiro, mzimayi wouma ngati nsungwi, wolankhula motsitsa ngati ali m'tchalitchi. Chipembedzo chawo chinali lamba. Lamba wansalu yokhuthala, womanga wodwala m'chiuno, ndipo wophunzira aliyense ankayenda naye wake m'chikwama. Mwambo wake unali wautali. Utseke mabuleki a mpando. Uchotse zopondera. Umange lamba. Wodwala asendere kutsogolo, mapazi akhale pansi, awerame mpaka mphuno ipitirire zala za kumapazi, ndiyeno adzikankhe yekha. Iwe uime kumbali yakufayo, bondo lako litchinge lake, dzanja pa lamba. Kungogwira, osakoka. Ndipo m'khwapa ayi, zivute zitani, chifukwa mkono wakufa ulibe minofu yogwira phewa, ukauzula phewalo limaguluka.

“Woima ndi wodwalayo,” ankatero Mayi Tamashiro. “Inu mungokhalapo.”

Mawu okoma, oti n'kulemba pakalendala. Akawalankhulire ku Waipahu, kumene anthu khumi ndi awiri ayenera kukhala atasamba chakudya cham'mawa chisanazizire, aone ngati angadikire mphuno ya munthu kuti ipitirire zala. Nenita ankayang'ana manja a mphunzitsiyo, osalala, opanda chipsera n'chimodzi chomwe, ndipo mumtima ankangoti, manja ogwira cholembera awa.

Mayeso a manja anali ndi lamulo limodzi lokha louma. Ukachita chimene chingavulaze wodwala, walephera pomwepo, ngakhale zina zonse ukhoze. Mwayi unali kawiri. Ukalephera kachiwiri, sukulu yathera pomwepo, tola zako.

Mwayi woyamba Nenita anauwononga pa Kehau. Kamtsikanako ndi kamene kanakhala wodwala tsikulo, ndipo kanachita ngati kali pa zisudzo: kubuula, kupendekeka, kunjenjemeretsa mwendo wabwinobwino. Nenita anapirira pang'ono, kenako anangokapisa manja m'khwapa n'kukaimika ngati mtondo. Cholembera cha Mayi Tamashiro chinaima.

“Ndimafuna tisachedwe,” anatero Nenita.

“Mukuthamangira kuti, Mayi Pagdilao?”

Anam'patsa sabata imodzi. Kehau anam'tsatira mpaka pokwerera basi.

“Anti, Loweruka bwerani kwathu tidzayeserere. Ine ndizikhala wodwala mpaka manja anu azolowere. Vuto si mutu wanu, zonse mukuzidziwa kuposa ine. Koma manjawo amayamba okha.”

“Manja awa analera amako asanakwatiwe,” anatero Nenita, ngakhale amake a Kehau sanawaonepo n'kamodzi komwe. “Loweruka ndili ndi zochapa.”

Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Nenita analoweza mwambo wonse uja m'basi, popita ndi pobwera, milomo ikugwedera ngati wogwira kolona. Mabuleki, zopondera, lamba. M'mawa wa tsiku la mayeso anatenga cholembera n'kudzilemba pamkono ndi zilembo zikuluzikulu: M'KHWAPA AYI. Atatero anapita kuchipinda, n'kum'zula Doning pabedi monga mwa masiku onse.

“Lero ndi lero,” anamuuza akum'konzera kolala. “Ndikadutsa apa, mwezi wamawa ndikayamba kuyeserera kuchipatala chenicheni. Undipempherere, m'malo mongoonera mpira.”

“Upite bwino, Neng.”

Atalowa m'chipinda cha mayeso anapeza kuti wodwala wake sanali wophunzira. Pampando panali chimunthu cha mtundu wa Chisamowa, chadazi, chovala nsalu yamaluwa m'chiuno, mkono wakumanja uli lende pamiyendo. Anali Ankolo Sefo, amene anayendetsa basi ya ku Kalihi zaka zambiri sitiroko isanawatsitse. Chaka chilichonse ankadzipereka kubwera kudzakhala wodwala wa ophunzira, akuti kunyumba kumatopetsa.

Anamuyang'ana Nenita kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Ndiwe wake lero, mlongo? Kuchepa chonchi? Wadya koma?”

“Ndanyamulapo aakulu kuposa inu, Ankolo.”

“Aa, ine si thumba la mpunga, mlongo. Ine ndimaima.”

Mayi Tamashiro anakhala pakona ndi pepala lawo. “Yambani.”

Ha, ukanamuona Nenita! Anasamba m'manja, anatchula dzina lake, anafotokoza chimene achite. Mabuleki, kwe, kwe. Zopondera pambali. Lamba anam'zunguliza pachimimba chija mpaka nsonga yokha kutsala, n'kupisa zala ziwiri kuona ngati wathina bwino. Anaima kudzanja lakufalo, bondo lake pa bondo lawo, dzanja pa lamba. Cholembera chinkangoyenda, chonga, chonga, chonga. Mumtima Nenita anati, lemba mayi iwe, lemba, uone ntchito ya anthu odziwa.

“Senderani kutsogolo, Ankolo. Weramani. Mukakonzeka, dzikankheni.”

Ankolo Sefo anawerama, anakankha ndi dzanja lamoyolo, matako ananyamuka pang'ono, n'kubwerera pampando, khu! Anaseka.

“Injini yazizira. Dikira.”

Nenita anadikira. Wotchi yapakhoma inkamveka. Ankolo Sefo anayesanso, ulendo uno anakwera pang'ono kuposa poyamba, nkhope itachita kufiira, n'kubwereranso. Anapuma nthawi yaitali, akupukuta thukuta padazi ndi chikhatho. Nthawi imeneyi ku Waipahu akanakhala atasambitsa munthu mmodzi n'kuyamba wachiwiri. Chimunthu chonsechi, mkono wamoyowo ngati mtengo wa mgwalangwa, kulephera kudzuka pampando? N'kumaseka! Zala za Nenita zinayamba kuyabwa pa lambapo. Anayang'ana zilembo za pamkono pake n'kuluma mano.

“Tiyeninso, Ankolo.”

Ulendo wachitatu anakwera mpaka pakati n'kuima pomwepo, osakhala, osaima. Bondo lakufalo linkanjenjemera pa bondo la Nenita. Mpweya unkatuluka molira m'mphuno. Mutu unali pansi, mtsempha wa pakhosi utatupa, mkono wakufa ukulendewera pamaso pake penipeni, khwapa lili poyera. Ankadziwa kuti ayenera kungogwira lamba. Ankadziwa bwinobwino. Koma kuona munthu akuvutika chotero, iye ali ndi manja awiri abwinobwino, chinali chinthu chimene thupi lake linali lisanachitepo.

Sanaganize n'komwe. Anangozindikira dzanja lake lamanzere lili kale m'khwapa, msana wake wawongoka, hii, Ankolo Sefo ali chilili.

“Aaa! Phewa, mlongo!”

Mayi Tamashiro anali atafika kale. Anachotsa dzanja la Nenita ngati akuchotsa mbozi pa ndiwo, anawakhazika Ankolo Sefo pang'onopang'ono ndi lamba, n'kuyamba kupapasa phewalo. Mwamwayi silinaguluke.

Ankolo Sefo sanaseke tsopano. Anamuyang'ana Nenita ngati mwana wolandidwa nthochi ili kale kukamwa.

“Ndinatsala pang'ono, mlongo. Kunyumba ndimaima ulendo wachitatu. Nthawi zonse wachitatu.”

“Mayi Pagdilao,” anatero Mayi Tamashiro ndi kamawu kawo ka m'tchalitchi kaja, “tengani chikwama chanu. Kalata ikupezani.”

“Akanagwa!”

“Lamba anali m'dzanja lanu. Akanayamba kugwa mukanawatsitsira pampando. Koma samagwa. Amaima.”

“Inu mukudziwa chiyani? Zaka makumi awiri ine sindinagwetsepo munthu! Ngakhale mmodzi! Kafunseni ku Waipahu!”

“Ndikukhulupirira,” anatero Mayi Tamashiro akutseka cholembera. “Nanga pa zaka zimenezo, ndi angati anachoka m'manja mwanu akuyenda?”

Nkhalamba zija zinkabwera ndi ndodo zawo, zina zikuyenda zokha mpaka kuchipinda chodyera. Pakatha miyezi ingapo ndodozo zinkakhala kuseri kwa chitseko. Ndi ukalamba umenewo, aliyense amadziwa. Nenita anamasula lamba wake m'chiuno mwa Ankolo Sefo, anam'pinda, n'kutuluka osatsanzika.

Pakhonde Kehau anali akudikira, ndipo atangoona nkhope yake maso ake anadzaza misozi. Misozi yotchipa, ya ana okhuta.

“Anti, pepani. Mwina mukhoza kulembera akuluakulu, mwina chaka chamawa...”

“Usandigwire. Pita ukawerenge agalu ako.”

M'basi anatukwana onse mmodzimmodzi, chamumtima. Tamashiro ndi manja ake osalala. Kehau ndi duwa lake. Chimsamowa chija, chosiya kukhala kunyumba n'kumadzasewera ndi tsogolo la anthu. Sukulu yake iti, yolipiritsa munthu kuti aphunzire kuima ngati chitsa wina akufa ndi thukuta? Akhale nayo satifiketi yawoyo, akazingire mazira. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kufufuta zilembo za pamkono, koma inkiyo inangofalikira. Chimene sankafuna kuganiza chinali chakuti akamuuza chiyani Doning. Anam'lonjeza zaka ziwiri, ndipo tsopano munthu uja adzafera pampando.

Anafika kunyumba dzuwa lili pamutu, nthawi imene chiyambireni sukulu anali asanafikepo. Anavula masilipasi pakhomo mwakachetechete, poti mwina Doning anali akugona. Wailesi yakanema inkalankhula yokha. Mpunga unali pakatebulo, wosakhudzidwa. Mpando wa matayala unali pamalo pake, mabuleki otseka, zopondera zitakankhidwira pambali, koma munalibe munthu.

Wagwa. Anayang'ana pansi, kuseri kwa sofa, kulibe. Kenako anamva kapulasitiki kakulira kukhitchini.

Doning anali chilili pafiriji. Chiuno anatsamiritsa pa kabati, mwendo wakufa uja atauponda pansi mopendekeka koma ukugwira, dzanja lamoyo lili pamwamba pa firiji, m'thumba la nsomba zamchere. Kamchira ka nsomba kanali kakutuluka pakamwa. Nenita anali ataiwala kuti mwamuna wake ndi wamtali.

Anayang'anizana. Doning anatafuna pang'onopang'ono n'kumeza.

“Wabwera msanga, Neng.”

“Kuyambira liti?”

“Chani, nsombazi?”

“Usandipusitse, Doning! Kuyambira liti?”

Doning anayang'ana pansi. “Chiyambireni sukulu yakoyi. Poyamba ndinkangoyesa kunyamuka, tsiku lonse, palibe chochita. Mwezi wathunthu ndisanaime. Kufika pano ndi posachedwapa, cha pa Khirisimasi.”

“Chaka chathunthu! Ine kuthyoka msana m'mawa ndi madzulo, kukunyamula ngati mwana, kukhuthula botolo lako, iwe ukuyenda? Osandiuza?”

“Ndinayesa kukuonetsa. Kangapo.” Mawu ake anali ofatsa, opanda mkwiyo, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. “Ine ndimachedwa, Neng. Ndimafunika kuwerama kaye, ndiyese, ndilephere, ndiyesenso. Koma iwe ukakhalapo, ndikangoti ndiwerame, wandinyamula kale. Ndiye ndinangoti basi, ndiziima ukachoka.” Anapukuta mchere pamlomo ndi phewa. “Mayeso ayenda bwanji?”

Doning anaona mkono wodetsedwa ndi inki uja, anaona lamba akusuzumira m'chikwama, ndipo sanafunsenso.

“Ndatopa,” anatero. “Ndikakhale.”

Anasiya firiji n'kugwira kabati. Anakoka mwendo wakufa, unakhwekhwereza pansi, thupi lonse n'kupendekekera kumanzere. Chikwama cha Nenita chinagwa. Anali atafika kale pambali pake, manja onse awiri ali m'mwamba, zala zitatambasuka, khwapa la Doning lili pomwepo.

“Neng,” anatero Doning osam'yang'ana. “Manja.”

Manjawo anaima m'malere. Analibe kowaika, moti anawapinda n'kuwapisa m'khwapa mwake momwe, n'kuwapanikiza zolimba kuti asatuluke.

Kuchokera pafiriji kufika pampando panali mapazi asanu ndi atatu. Doning anagwira kabati, kenako mphuthu ya chitseko, kenako msana wa sofa, malo amene utoto unali utayamba kale kuda ndi dzanja lake, ndipo Nenita ankapukutapo Loweruka lililonse osadzifunsa. Pa phazi lachisanu anaima nthawi yaitali akupuma, bondo likugwedera. Nenita analuma mlomo mpaka kumva magazi. Sanasunthe. Doning anafika, anatembenuka pang'onopang'ono, anapapasa chogwirira cha mpando kumbuyo kwake, anawerama, n'kukhala yekha.

Nenita anadikira mpaka mapeto, osam'khudza ngakhale ndi chala. Koma m'nyumbamo munalibe Mayi Tamashiro, munalibe cholembera. Munali Doning yekha, akupuma mwamphamvu, ndi kansomba kena kamene anabisa m'thumba la malaya.